Madzi amene sankapezeka m'masamu anga

Kwa masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi ntchito imene aphunzitsi athu anatipatsa pa phunziro la kayendedwe ka madzi. Anatipatsa manambala a zaka 10 a nyanja ina yaing'ono: mvula imene inagwa, madzi amene mitsinje inathiramo, amene anatuluka kudzera mu mtsinje umodzi wotulutsa, komanso mmene nyanjayo inkakwerera ndi kutsika mwezi ndi mwezi. Lamulo lake si lovuta kuloweza. Ukatenga madzi olowa n'kuchotsera otuluka, otsalawo ayenera kufanana ndi mmene nyanja yakwerera kapena yatsikira. Ndinkaona ngati madzulo amodzi andikwanira.

Sizinatero. Chaka ndi chaka masamu anga ankati nyanjayo iyenera kusefukira, koma zoyeza za m'mphepete zinkaonetsa kuti madzi ali pafupifupi pomwe analili. Madzi ochuluka chotere ankapita kuti? Vuto linali lakuti maso anga anali pa mitsinje, poti mtsinje ndi umene umaoneka, umachita mkokomo, umakokolola milatho. Madzi amene dzuwa ndi mphepo zimanyamula ngati nthunzi ndinawasiya kumapeto, ndikuti ndi kanthu kakang'ono kongowonjezera. Chonsecho ndiwo anali khomo lalikulu lotulukira.

Chinandilimbitsa mtima n'chakuti anthu akale nawonso ananamizidwa ndi maso awo kwa zaka zambirimbiri. Ambiri ankakhulupirira kuti mvula singakwanitse kudzaza mitsinje, ndipo ankati madzi amachoka m'nyanja yamchere n'kukwera pansi pa mapiri. Mu 1674 Pierre Perrault wa ku France anafanizira mvula ndi madzi oyenda kumtunda kwa mtsinje wa Seine, ndipo anapeza kuti mtsinjewo unkanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mvula yonse. Mvula inali yokwanira, yotsala kumene. Patapita zaka zochepa, Edmond Halley anayeza madzi amene amasanduka nthunzi n'kuonetsa kuti ndi ochuluka moti angathe kubweza onse amene mitsinje imathira m'nyanja ya Mediterranean. Anthu awiriwa analibe zida zapamwamba. Anangosiya kulingalira chabe n'kuyamba kuyeza.

Pamenepo ndinabwerera ku mapu. Nyanja siyambira pagombe pake ayi. Imayambira pamsana pa zitunda zonse zimene zaizungulira, pomwe dontho likagwa mbali ino limatsikira kwa iyo, likagwa mbali inayo limapita ku mtsinje wina. Paja madzi saiwala khwawa. Koma si dontho lililonse limene limafika. Lina limatsalira pamasamba n'kuuma pomwepo. Lina limalowa m'nthaka, mizu n'kulikoka, masamba n'kulibwezera m'mwamba. Lina limalowa pansi kwambiri n'kumayenda pang'onopang'ono mumchenga ndi m'ming'alu ya miyala, ndipo limeneli ndi limene limasunga mtsinje mvula italeka kalekale. N'chifukwa chake mvula yoyamba ingagwe yamphamvu mtsinje osasintha kwenikweni, chifukwa nthaka youma imayamba yamwa kaye. Mvula yomweyo ikagwa nthaka itakhuta, mtsinje umadzuka tsiku lomwelo.

Nyanja ya Victoria ndi imene inanditsegula maso kwambiri. Ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 68,800. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya kilomita imodzi ndi malita 1 miliyoni, ndiye tangoganizani milimita imodzi yokha pa nyanja yonseyo. Pafupifupi magawo 80 pa 100 a madzi olowa mu Victoria ndi mvula yogwera panyanja penipeni. Mitsinje yonse, kuphatikizapo Kagera umene uli waukulu pa yonse, imangobweretsa otsalawo. Potuluka n'chimodzimodzi: madzi ambiri amapita m'mwamba, pafupifupi mita ndi theka pachaka, ndipo mtsinje wa Nile umene umayambira pa Jinja umatenga gawo laling'ono. Izi zikutanthauza kuti msinkhu wa nyanjayi ndi kusiyana kwakung'ono pakati pa manambala awiri aakulu zedi. Imodzi ikangopendekeka pang'ono, nyanja imasuntha kwambiri. Mvula itachuluka kuyambira kumapeto kwa 1961, Victoria inakwera mamita oposa awiri pofika 1964, ndipo inakhala pamwamba kwa zaka zambiri, chifukwa mtsinje umodzi sungatulutse msanga madzi ochuluka chomwecho.

Chodetsa nkhawa n'chakuti manambala awiri aakuluwo ndi amene ali ovuta kwambiri kuyeza. Zoyezera mvula zimakhala kumtunda kapena pazilumba, pakati pa nyanja palibe. Nthunzi nayo sungaikole mu chidebe. Amaika chibeseni chachitsulo, chotambalala masentimita pafupifupi 120, n'kumaona mmene madzi akutsikira tsiku lililonse. Koma chibeseni chimatentha msanga kuposa nyanja, choncho amachulukitsa nambalayo ndi pafupifupi 0.7 kuti ifanane ndi zenizeni. Njira ina ndi imene Howard Penman anatulutsa mu 1948, yowerengera kuchokera ku dzuwa, kutentha, mphepo ndi chinyezi cha mumpweya. Ndinayesa njira zonse ziwiri pa nyanja ya m'kalasi ija, ndipo mayankho sanafanane. Ngakhale mtsinje, umene ndinkaudalira, sauyeza tsiku ndi tsiku. Amawerenga msinkhu wa madzi pa ndodo yoikidwa m'mphepete, n'kuusandutsa kuchuluka kwa madzi pogwiritsa ntchito tchati chimene anakonza kale. Mchenga ukaunjikana kapena madzi osefukira akakumba pansi, tchaticho chimayamba kunama popanda wodziwa.

Nkhani ya nyanja ya Aral, ya ku Central Asia, ndinaiwerenga ndi chisoni. Ilibe mtsinje wotulutsa, ndiye chimene chinkaisunga ndi mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya basi, kubweza madzi amene dzuwa la m'chipululu linkatenga. Mu 1960 inali ya nambala 4 kukula pa nyanja zozunguliridwa ndi mtunda padziko lonse, yofanana pafupifupi ndi Victoria. Boma la Soviet Union litapatutsa mitsinjeyo kuti izithirira minda ya thonje, dzuwa silinachepetse gawo lake. Nyanja inaphwa, mchere unachuluka, nsomba zinatha, ndipo doko la Moynaq linatsala pamchenga, maboti ali gone pouma. Damu la Kok-Aral lotchinga madzi a mbali ya kumpoto kwa nyanjayo litamangidwa mu 2005, mbaliyo inayamba kudzazanso. Masamu ake ndi omwewa a m'kope langa, kungoti kumeneko anakhudza miyoyo ya asodzi ndi ana awo.

Nditaika nthunzi m'malo mwake, mpata wa m'masamu anga unachepa kwambiri, koma sunatheretu. Apa m'pamene ndinayesedwa. Zinali zosavuta kulemba kuti otsalawo ndi madzi olowa pansi pa nthaka, popeza palibe amene anawayeza ndipo palibe akanandigwira. Anzanga ena anachita zomwezo, matebulo awo n'kuoneka osalala. Ine mtima sunandilole. Mu nambala imeneyo muli madzi apansi, inde, komanso muli kulakwa kwa choyezera mvula, kwa chibeseni ndi kwa tchati cha mtsinje, zonse zitasakanikirana. Kuitcha dzina limodzi n'kunamiza munthu amene mawa adzafuna kudziwa kuchuluka kwa madzi amene angapatutse nyanja osaphwa.

Choncho mu lipoti langa ndasiya mzera wakewake, ndaulemba kuti "madzi osadziwika kumene apita", ndipo pambali pake ndaonetsa mmene ungasinthire ngati mvula inayezedwa molakwika ndi magawo 10 pa 100. Ndaonanso kuti mpatawo umakula m'miyezi imene nyanja yadzaza kwambiri. Ndikuganiza kuti mwina madzi akakwera amalowa m'nthaka ya m'magombe, n'kudzabwerera nyanja ikatsika. Lolemba ndikapempha aphunzitsi ngati pali manambala a zitsime za pafupi ndi nyanjayo, kuti ndione ngati nazonso zimakwera pa miyezi yomweyo.