Mazira 24 si ako

Sabata ya kumapeto kwa mwezi kunyumba amadziwa kale kuti nsima yanga azingoivundikira. Ndine akawuntanti pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, ndipo Lolemba lapitali ndinakhala pa desiki kuyambira 7 koloko m'mawa kukonza malipiro. Ntchito yake ilibe nkhani. Uchotse msonkho wa PAYE woti ukafike ku MRA pasanadutse pa 14 mwezi wotsatira, uchotse 5 peresenti ya penshoni kwa wantchito, kampani iwonjezere 10 yake, kenako uike padera 1 peresenti ya TEVET levy. Kamzere kotsirizaka ndakalemba zaka zambiri osakaganizira. Ndi ndalama yomwe olemba anthu ntchito amapereka kuti TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, liziphunzitsira achinyamata ntchito zamanja. Masiku ano ndikamakalemba ndimakumbukira anyamata ndi atsikana a mumsewu amene ndimawaphunzitsa bizinesi Lachitatu, omwe ambiri mwa iwo sukulu inathera Sitandade 4. Chipata cha koleji ya ntchito zamanja ku Soche amangochiona ali pamsewu.

Lachiwiri ndinalowa mu ofesi ya abwana ndi kalata yopempha thandizo. Inachokera ku kabungwe kakang'ono komwe ndimakaphunzitsako bizinesi kwaulere, kamene kamasamalira achinyamata okhala mumsewu. Mabungwe oterewa alipo angapo, monga Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust kuno ku Blantyre, ndi Tikondane ku Lilongwe. Kathuko ndi kakang'ono kuposa onsewa. Ndisanakhale n'komwe pansi, mnzanga woyang'anira zogulitsa, yemwe anali momwemo, anaseka.

"Mayi, ana masikiniwa si omwe aja anakutsompholani chikwama pa depoti chaka chatha?"

"Ndi omwewo, achimwene," ndinatero, "kapena anzawo."

Sindinafune kuwayeretsa. Ena amabadi, ena amanunkhiza guluu, ndipo mayi aliyense amene amadutsa pa Limbe madzulo amadziwa chifukwa chake chikwama amachikumbatira pachifuwa. Abwana anaiwerenga kalatayo kawiri. Iwo chifukwa chawo sabisa: makasitomala akamaopa kuimika galimoto kutsogolo kwa sitolo, simenti siyenda. Ndalama anakana, koma anati titenge mawilibala awiri ndi maloko atatu m'sitolo, ndipo ndiwalembe bwino m'mabuku. Mnzanga uja anangopukusa mutu, nkuti mawilibalawo tikawapeza akugulitsidwa ku Ndirande sabata isanathe.

Anthu a ntchito za m'maofesi amene ndimakumana nawo ku kabungweko aliyense anabwera ndi njira yake. Pali loya wina amene anatopa kukumana ndi anawa ali kale m'manja mwa malamulo, ena akupita kumalo osungirako ana olakwira malamulo ku Mpemba kapena ku Chilwa. Iyeyu sachedwa kukumbutsa anthu za Mayeso Gwanda, venda wa majumbo yemwe anamangidwa mbandakucha mu 2015 akupita kukagulitsa malonda ake ku Limbe, namuimba mlandu wa vakabu. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula kuti gawo la lamulo lomwe anamumangiralo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Loyayo amati chigamulocho chinangochotsa unyolo, sichinaike kanthu m'manja mwa munthu. Pali mayi wina wa ku banki amene amanena poyera kuti kasitomala wa mawa ayenera kuchokera penapake. Pali makanika amene yekha anagonapo pakhonde la sitolo ali mnyamata, ndipo salankhula zambiri. Ine changa ndi ichi: ndinaphunzira sukulu ndi ndalama ya mandasi. Mayi anga ankakazinga usiku ku Ndirande, ine nkumagulitsa ndisanapite ku kalasi. Ankamanga ndalama pa nsonga ziwiri za chitenje, ina ya ufa ndi mafuta, ina ya pakhomo, ndipo ngakhale tidwale nsonga ya ufayo sinkamasulidwa wamba. Zonse zomwe ndinakalembera mayeso a uakawuntanti a ICAM zinayambira pa mfundo ziwiri zimenezo.

Lachitatu ndimaweruka 3 koloko, abwana anavomera. Timakumana m'kachipinda ka tchalitchi china kuseri kwa msika, ndipo sabata ino anabwera 14. Onse ndi a zaka 16 kupita m'mwamba. Aang'ono sitiwapatsa mpamba. Iwowo alangizi a kabungweko amayesetsa kuwabwezera kwawo ndi kusukulu, chifukwa mwana wa zaka 10 ukamupatsa thireyi ya mazira wangomulembera kalata yoti akhazikike mumsewu.

Tsiku langa loyamba, zaka ziwiri zapitazo, ndinabwera ndi laputopu ndi mawu a m'kalasi. Theka la iwo linagona, ena nkumandiyang'ana nsapato. Ndinkaganiza kuti ndabwera kudzaphunzitsa anthu kugulitsa, kuiwala kuti munthu amene wakhala zaka zisanu akupeza chakudya pa maloboti amadziwa kuwerenga nkhope kuposa aliyense wa ku ofesi kwathu. Amadziwa galimoto yomwe itsitse galasi, tsiku lomwe aboma alandira, ngakhale nthawi yomwe mayi wochokera kokagula zinthu amakhala ndi tchenje m'manja. Kugulitsa sikuwavuta. Masiku ano laputopu ndimaisiya m'dirowa, ndimanyamula jumbo ya zitsekerero za mabotolo.

Ulendo uno tinawerengera bizinesi ya mnyamata wina wamtali, wa zaka ngati 17, amene amagulitsa mazira owiritsa m'maminibasi. Anadandaula kuti mazira amatha tsiku lililonse, koma pakutha pa sabata ndalama yoodera thireyi ina siikwana. Tinayala zitsekerero 30 pa benchi, chilichonse dzira. Ndinamufunsa mtengo womwe amaodera ndi womwe amagulitsira, tinawerengera limodzi, ndipo zinapezeka kuti kuti abweze ndalama ya thireyi ayenera kugulitsa mazira 24. Ndinakankhira zitsekerero 24 mbali imodzi.

"Awa si ako," ndinamuuza. "Ndi a thireyi ya mawa."

Zinatsala zisanu ndi chimodzi. Chimodzi chinapita ku makala, mchere ndi tsabola. China anachichotsa yekha, akuti pamakhala dzira losweka kapena lovunda. Kenako anazengereza, nkuchotsa chinanso osanena kanthu. Anzake anaseka: limenelo ndi la madala a pa kona, mnyamata wamkulu amene amalola kapena kukaniza munthu kugulitsa pamenepo. Sindinadzudzule. Ndinati tililembe ngati lendi, pajatu nafe kampani yathu imalipira lendi. Pa benchi panatsala zitatu.

Anaziyang'ana nthawi yaitali. "Anti, ndiye kuti ine tsiku lonse lija ndimathamangira mazira atatu?"

"Atatu. Ndipo ukadya chipisi cha mazira asanu, awiriwo wabera thireyi ya mawa."

"Koma anti, njala sidziwa kuwerenga."

Pamenepo ndinasowa poyankha, chifukwa sananame. Buku lililonse la bizinesi limayesa kuti mwini bizinesi wadya kale. N'chifukwa chake kabungweko kamaphika phala m'mawa ndi nsima masana kwa amene ali pa maphunziro. Anthu ena othandiza amanyinyirika nazo, amati ife tinapereka ndalama ya maphunziro osati ya ufa. Ine monga wa mabuku ndimawauza kuti ufawo ndi umene ukulondera mpamba.

Tinakambirananso za mitengo. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, gulu lomwe ndinali nalo nthawi imeneyo linatsala pang'ono kutha. Ankagulitsa pa mtengo wakale, akusangalala kuti malonda akuyenda, nkukapeza kooda kuti ndalama yonse yomwe agwira sikugulanso katundu yemweyo. Sindiwaseka, chifukwa kampani yathu, ndi makompyuta athu onsewa, inachita chimodzimodzi ndi malata kwa masiku angapo. Ndiye lamulo lathu pano ndi loti mtengo umauika poyang'ana kooda kwa mawa, osati kwa dzulo.

Lachinayi kunali kulimbana ndi mabuku a ku banki, omwe anakana kugwirizana ndi athu mpaka madzulo. Cha m'ma 10 koloko mlangizi wa kabungwe kaja anaimba foni. Mtsikana wina wa m'gulu langa, amene amagulitsa nthochi ndi mtedza wokazinga, anamubera ndalama yonse usiku. Mtsikanayu anafika mumsewu namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba yawo ku Chilobwe mu Malichi 2023, ndipo ndi amene amalemba kope lake mwaukhondo kuposa onse. Anali atasunga ya masabata atatu. Anaisokerera mumpendero wa siketi, koma ogona nawo pakhonde amadziwa mipendero yonse.

Apa ndi pamene pamandipweteka, ndipo ndi pamene ndinazindikira chomwe anthu ngati ife tingapereke. Ine ndalama yanga imagona ku banki, ine nkugona m'nyumba yokhoma. Ya mwana wa mumsewu ilibe pogona. Akaisunga pathupi amubera, ndiye nzeru yabwino kwa iye ndi kuidya lero lomwe isanakadyedwe ndi wina. Anthu amati anawa sadziwa kusunga, koma mutakhala inu, podziwa kuti chomwe mwagwira sichifika m'mawa, mungasunge? Wina anena kuti bwanji osaika pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Simukhadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Chiphasocho a NRB, nthambi ya boma yolembetsa nzika, amapereka munthu akafika zaka 16, ndipo pa fomu pamafunika mudzi, mfumu ndi anthu okuchitira umboni. Mnyamata amene anathawa kwawo ku Mulanje ali ndi zaka 9 umboni umenewo autenga kuti? Wokongoza katapila yekha ndiye safunsa chiphaso, ndipo chiwongoladzanja chake chimameza mazira atatu aja ndi thireyi yomwe.

Choncho gawo lalikulu la ntchito yathu silichitikira m'kalasi. Loya uja amalemba makalata. Alangizi amakwera basi kukafufuza achibale ndi mafumu. Mayi wa ku banki amadziwa khomo loti tigogode. Ine ndimasainira ngati mboni ndipo ndimasunga buku la gulu. Ife tili ndi keyala, dzina ndi chidindo, zinthu zomwe sitinaziyesepo chuma. Ndinatumiza kandalama pang'ono kuti mtsikanayo aodenso nthochi, koma ndinauza mlangiziyo kuti alembe ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja. Mphatso tinayesapo kale, ndipo inkaphunzitsa gulu lonse kuti amene waberedwa ndiye amalandira.

Lachisanu tinatseka mwezi 8 koloko usiku. Chomwe chinasokoneza mabuku chinali cheke chomwe ndinachilemba kawiri ndekha, ndipo ndinachipeza nditadzudzula kale kalaliki wosalakwa. Ndinakamupepesa.

Loweruka m'mawa ndinanyamula mawilibala ndi maloko aja pa galimoto ya kampani. Malokowo anali a bokosi lachitsulo lomwe makanika uja anawotcherera. Tatengera nzeru ya banki mkhonde: bokosi limodzi, maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo silitsegulidwa popanda gulu lonse kuona. Lizikhala ku ofesi ya kabungweko, ndipo aliyense azibweretsa ndalama yake madzulo asanapite kokagona, mlangizi nkulemba m'kope la mwini ndi m'buku lalikulu. Kusankha osunga makiyi kunatenga ola lathunthu. Palibe amene ankakhulupirira mnzake, ndipo aliyense anali ndi umboni wokwanira. Pamapeto pake anasankha mtsikana woberedwa uja, mnyamata wina wachete wotsuka galimoto, ndi mlangizi. Mawilibala anagwirizana kuti azibwerekana, wotenga azilipira kandalama m'bokosi momwemo, nkukanyamulira anthu katundu mumsika.

Anabwera 13. Amene anasowa ndi mnyamata wina wochenjera kwambiri pa masamu, yemwe mwezi watha anatenga mpamba wogulitsira matumba. Anzake akuti anamuona akukwera lole yopita ku Lilongwe. M'buku ndinalemba ngongole yake pa tsamba la zokayikitsa, sindinaifufute, chifukwa ena amabwerera pakatha miyezi, nkukhala kumbuyo ngati sanachokepo.

Ndikutuluka, wa mazira uja anandithamangira ndi beseni lake. Ndinatenga awiri, koma m'chikwama munali K5,000 yokhayokha ndipo iye analibe tchenje. Ndinati ndidzamupatsa Lachitatu. Anakhala kaye chete, kenako anatulutsa kope lopindika m'thumba la kabudula, nanyambita pensulo. Pa tsamba la ngongole panali kale mayina awiri a makondakitala. Pansi pake analemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, "Anti, 2", nkundionetsa kuti ndisainire.