Ufulu wolankhula ulipo, nanga bwalo ndi la yani?

Ndikamva anthu akutamanda ufulu wolankhula wa ku America, ndimakumbukira zimene zinamuchitikira Phil Donahue mu February 2003, kutatsala milungu yochepa kuti nkhondo ya ku Iraq iyambe. Pulogalamu yake pa kanema wa MSNBC inkaitana anthu otsutsa nkhondo, ndipo inathetsedwa ngakhale kuti inali ndi oonera ambiri kuposa mapulogalamu ena a pa kanemayo. Chikalata cha akuluakulu chimene chinaululika pambuyo pake chinasonyeza nkhawa yoti iye akanaipereka chithunzi choipa kampaniyo pa nthawi imene makanema ena opikisana nayo ankakweza mbendera ya America posonyeza kukonda dziko lawo.

Palibe wapolisi amene anagogoda pakhomo pake, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani. Lamulo la First Amendment, lomwe limateteza ufulu wolankhula ku America ndipo linakhazikitsidwa mu 1791, limamanga manja a boma lokha. Silikakamiza mwini kanema kupatsa munthu mpando woti alankhulirepo.

Nkhaniyi si ya makanema okha: mu May 2004 nyuzipepala ya New York Times inavomereza kuti sinafufuze mokwanira nkhani za zida zoopsa zimene ankati Iraq ili nazo, koma apa n'kuti patapita chaka chathunthu mabomba atayamba kugwa pa Baghdad.