Mbiri ya moyo wanga gawo 6: Tsiku lomwe ndinadziyesa sing'anga

Zikomo nonse amene mwakhala mukundivutitsa ku inbox kuti gawo lina lili kuti, ndabwera. Inu munalemba kuti agogo ankandiphunzitsa ufiti aja ndakuonani, werengani kaye.

Paja tinalekera pomwe amayi anatisiya kwa agogo ku Dedza ine ndi mlongo wanga wamng'ono uja. Njala ya 2002 itadutsa agogo anayamba kunditenga kuthengo, poyamba ntchito yanga inali kunyamula dengu ndi kakhasu basi. Sankaphunzitsa ngati kusukulu ayi, amangothyola tsamba nkukupatsa kuti nunkhiza, mawa lake akufunsa kuti dzulo uja unali mtengo wanji, ukalephera akuseke mpaka kunyumba. Mlombwa ndinaudziwa msanga chifukwa cha utomoni wake wofiira ngati magazi, ndi umene ankapaka ana pa zipere. Mpungabwi wothamangitsira udzudzu, chanzi wa chimfine, ndiye muwawani wa m'mimba, iii kuwawa kwake mpaka pano ndikautchula malovu amasintha mkamwa. Khungwa ankasenda kachigamba mbali ya kum'mawa kena kumadzulo, osazunguliza mtengo chifukwa umauma, muzu ukadula umodzi ukwirire dzenje.

Zaka ziwiri zinapita choncho, ine nkuyamba kudzimva.

Tsiku lina agogo anapita kumaliro kutsidya kukagona komweko, mlongo wanga nkutentha thupi usiku. Ndinawiritsa muwawani ndekha, madzi ake bii, nkumumwetsa kapu yonse akulira. Anasanza, ine nkumati ndiye kuti mankhwala akugwira, m'mawa ndinamupatsanso. Azakhali aja munawadziwa mu gawo 4 anabwera kudzapempha moto, anamuona mwana ali kwala pa mphasa, anangoti "si muli ndi chipatala chanu m'nyumba muno" nkumapita. Azakhaliwo anamwalira kale koma mawu amenewo sindinawakhululukire, olo munene kuti ndine wouma mtima.

Agogo atafika masana sanakhale ndi pansi. Anamutsegula chikope, mkati mwake mbuu, anayang'ana zikhatho, zoyera ngati ufa. Anandifunsa kuti wamupatsa chani, nditayankha sanandimenye, bola akanandimenya. Anangoti "iwe, malungo omaliza magazi alibe muzu, thamanga ukabwereke njinga". Anamubereka okha mwana wa zaka zisanu, kukwera pa kaliyala, ine ndikuthamanga pambuyo opanda nsapato, panjira anayamba kugwedezeka maso atatembenuka ndipo ndinkangomva agogo akumuitana dzina mobwerezabwereza. Kuchipatala anamuonjezera magazi usiku omwewo, ine ndinagona pakhonde kudikira kuti ndimve kulira kwa maliro.

Ndiye inu a ufiti aja, mfiti yake iti imathamangira kuchipatala? Ena mumafunsanso chifukwa chomwe sindilemba muyezo wa mankhwala pano olo mundipemphe bwanji, nkhani yake ndi imeneyi, musamati ndine womana.

Mlongo wanga anatuluka patatha masiku asanu, pano ndi bambo wa ana atatu ku Joni, amati sakumbuka chilichonse. Agogo anatha sabata osandilankhula za kuthengo, amapita okha mbandakucha ine ndikunamizira kugona. Kenako Loweruka lina ndinangomva dengu lagwera pa mapazi anga, "dzuka tiye, mame asanaume".

Gawo 7 ndikuuzani za mzibambo anabwera ndi galimoto kudzafuna gondolosi.