Maphunziro a pafoni ochokera ku Mabvuku

Bizinesi yathu inayamba m'chaka cha 2019 m'chipinda chimodzi cha nyumba ya amayi ku Mabvuku, kum'mawa kwa mzinda wa Harare, pa nthawi imene madzi anali atachepa m'damu la Kariba ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Ine ndi achemwali anga tinkagona masana kuti tigwire ntchito usiku magetsi akayaka. Agogo athu anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, choncho tinakula tikulankhula Chichewa pakhomo, Chishona pamsewu ndi Chingerezi kusukulu, ndipo zilankhulo zitatuzi ndizo zinali mpamba wathu, popeza ndalama tinali nazo zochepa kwambiri.

Ntchito yathu ndi kukonza maphunziro amene munthu amaphunzira yekha pafoni kapena pakompyuta, komanso kulemba masamba a malangizo othandiza munthu amene wasokonezeka pogwiritsa ntchito pulogalamu. Kasitomala wathu woyamba inali kampani ina ya alonda, imene antchito ake ambiri anali ochokera m'mabanja a Chimalawi ngati ife. Tinatenga pulogalamu yokonzera maphunziro yotchedwa Articulate Storyline pa masiku 30 oyeserera ndipo tinapanga phunziro lokongola, lodzaza ndi mavidiyo ndi zithunzi zoyenda, moti abwana a kampaniyo anaomba m'manja ataliona pakompyuta ya mu ofesi. Koma alondawo anali ndi mafoni ang'onoang'ono, ndipo bandulo imene ankagula inkatha vidiyo yoyamba isanafike pakati. Pa anthu onse amene analembetsa, anamaliza ndi ochepa oti n'kuwawerenga ndi zala. Vuto silinali la pulogalamuyo, imene mpaka lero ndimaiona kuti ndi yabwino. Ife ndife amene tinasankha chida tisanaone foni ya wophunzira.

Tinayambiranso pogwiritsa ntchito H5P, chida chaulere chokonzera maphunziro chochokera ku Norway, pamodzi ndi Moodle, pulogalamu yosungira maphunziro pa intaneti imene Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa mu 2002. M'malo mwa mavidiyo tinaika mawu ojambulidwa ndi zithunzi zochepa, ndipo phunziro lililonse tinalidula kuti lithe m'mphindi zisanu, popeza mlonda amaphunzira ali pageti. Boma litalamula kuti kuyambira pa 30 Marichi 2020 anthu akhale m'nyumba chifukwa cha COVID-19, mabungwe amene kale ankatibweza anayamba kutiimbira okha. Ena mwa iwo ali ndi makina awoawo osungira maphunziro, ndipo amenewa timawakonzera mu pulogalamu ina yotchedwa eXeLearning n'kuwatumizira monga phukusi la SCORM 1.2, njira yolongedzera phunziro imene makina otere amaiwerenga, kuti makina awo azitha kulemba amene wamaliza ndi malikisi amene wapeza.

Chichewa chinatipatsa vuto limene sitinaliyembekezere. M'mafunso odzaza mawu osowa, wophunzira akalemba "m'nyumba" kapena "ng'ombe" ankauzidwa kuti walakwa pamene yankho lake linali lolondola, chifukwa kachizindikiro kam'mwamba kamene foni ina imalemba n'kopindika pamene ife tinaika koongoka, ndipo kompyuta imaziona ngati zilembo ziwiri zosiyana. Achemwali anazindikira zimenezi patapita sabata yathunthu tikukangana. Tsopano yankho lililonse lotere timalilemba m'njira zitatu, kuphatikizapo yopanda chizindikirocho, pakuti ambiri a kuno sanaphunzire kalembedwe ka Chichewa kusukulu ngakhale kuti amachilankhula bwino. Makasitomala amene amakayika ngati n'koyenera kulipira Chichewa timawakumbutsa kuti malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anachiika pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ngakhale kunena zoona chimene chimawakopa kwambiri ndi kuona antchito awo akumaliza maphunziro.

Masamba a malangizo tinawayamba pamene gulu lina la chipereganyu linatipempha kuti tifotokoze pulogalamu yawo yosungira ndalama. Poyamba tinkalemba zofanana m'mafayilo atatu, ndipo batani limodzi likasintha dzina tinkaiwala kukonza fayilo ina. Tinafuna pulogalamu yolembera malangizo, koma MadCap Flare inatikulira mtengo, choncho tinagula HelpNDoc, mmene timalemba mutu uliwonse kamodzi n'kutulutsa masamba a pa intaneti ndi PDF yosindikiza kuchokera pamalo amodzi.

Lero tilipo asanu, ndipo tinagula sola ndi mabatire kuti tizigona usiku ngati anthu ena onse. Mawu a Chichewa amawerengedwabe ndi amalume athu, amene amakhala m'kachipinda kokutidwa ndi mabulangete kuti phokoso la makombi (maminibasi) lisalowe, ife tikujambula mawuwo ndi pulogalamu ya Audacity. Iwo sawerenga chiganizo chimene sichikumveka bwino. Amangoika pepala pansi n'kunena kuti, "Mphwanga, ku Dedza salankhula chonchi," ndipo ine ndimabwerera pakompyuta kukachilembanso.