Makina a pamsika ndi misana ya odwala athu

Lolemba kwathu ku fizio, mbali ya chipatala yothandiza odwala ndi masewero olimbitsa thupi, ndi tsiku la misana. Mzere umafika mpaka pakhonde, ndipo ambiri amakhala atadutsa kale kwina asanatipeze. Masiku ano kwinako ndi kwa anyamata ena amene achita lendi kachipinda pamsika. Ali ndi kompyuta ndi kachitsulo kogwira m'manja, akuti ukakagwira mphindi imodzi makinawo aona zonse, impso, chiwindi, mafupa. Mayi wina anandionetsa mapepala ake, Chingerezi chokhachokha ndi mizere yofiira. Pansi pake panali mankhwala oti agule pompo.

Lachiwiri agogo ena anandisimbira za beseni loviikamo mapazi. Madzi amasanduka abulawuni, ogulitsa n'kumati ndi poizoni akutuluka m'thupi. Ndinati, "Agogo, limenelo ndi dzimbiri. Magetsi akamadutsa m'madzi amchere, zitsulo za makinawo zimadyeka. Ngakhale musaikemo phazi, madziwo asinthabe mtundu." Anaseka, koma anaumirira kuti tsikulo msana unapepukako. Sindinawatsutse. Kumeneko amakukhazika pampando wabwino, mapazi m'madzi ofunda, munthu n'kumakumvetsera mosathamanga. Ife timakhala tikuyang'ana mzere uli panja.

Zibangili ndiye zachuluka. Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya York ku England anaveka odwala nyamakazi 70 zibangili za maginito ndi za kopa, ndipo ululu sunachepe kuposa mmene unachepera ndi zibangili zongoyerekeza, zopanda mphamvu ya maginito. Ngakhale malamba omanga m'chiuno aja, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti asamagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi pa msana wopweteka nthawi yaitali. Limalimbikitsa kuphunzitsa wodwala za vuto lake ndi masewero olimbitsa thupi, zinthu zosagulitsika pamsika.

Lachinayi ndiye linandiwawa. Bambo wina analowa atagwiriridwa ndi akazi awo, m'chiuno muli lamba wotenthetsa ndi batire amene anagula atagulitsa mbuzi. Akhala akumuvala miyezi ingapo. Nditafunsa bwino, akazi awo ndiwo anayankha: "Thukuta usiku uliwonse, adokotala, ndipo thalauza lawo likuvuka lokha." Miyendo inali itayamba dzanzi. Msana wotere si woupatsa masewero ayi. Ndinawatumiza ku ekisile tsiku lomwelo, ndipo madokotala akukayikira TB ya mumsana. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, koma fupa likadyeka n'kupanikiza mitsempha, miyendo siibwerera msanga, nthawi zina siibwereranso.

Lachisanu ndinaphunzitsa gulu la amayi kanyamulidwe ka ndowa kosapweteka msana. Madzulo ndinalemba lipoti kwa akuluakulu athu kuti nkhani ya anyamata a kompyuta aja ifike ku Medical Council of Malawi, bungwe limene limalembetsa ndi kuyang'anira madokotala ndi ena oyeza matenda.