Tsamba losinthira pasiwedi landidyera tsiku lathunthu chifukwa cha 52D

Tsopano lagwira, anthu akusintha okha pasiwedi pa tsamba popanda kundiimbira foni, ndiye ndilembe pomwe ndinapunthwa ndisanaiwale. Maakaunti ali mu Active Directory (mosungira maakaunti mwa Microsoft), pulogalamu ndi Self Service Password ya LDAP Tool Box, yoikidwa pa seva ya Debian. Za kuika Apache ndi PHP sindikamba, mukuzidziwa kale.

Active Directory imalandira pasiwedi kudzera mu gawo la akaunti lotchedwa unicodePwd, ndipo siilola kuti isinthidwe pa njira yosabisidwa. Pa port 389 popanda StartTLS kulowa kumatha kutheka bwinobwino, kufufuza dzina la munthu kumathekanso, koma mukafika posintha mumakumana ndi error 53. Ndiye gwiritsani ldaps pa 636, yomwe ndi njira yobisidwa ya LDAP, chilankhulo cholankhulira ndi Active Directory. Dzina lomwe mwalemba mu $ldap_url likhale lenileni lija lili pa satifiketi ya domain controller, seva yoyendetsa Active Directory. Ine ndinalemba IP, PHP n'kungoti "Can't contact LDAP server" ngati seva yazima, chikhalirecho ili yoyaka. Koperani satifiketi ya CA yanu (yomwe imasaina masatifiketi anu) ku seva ya tsambalo, muilozere ndi TLS_CACERT mu /etc/ldap/ldap.conf, kenaka muyambitsenso Apache, apo ayi mudzaona ngati palibe chomwe mwasintha. Muyese kaye ndi ldapsearch musanatsegule tsamba. Wina adzakuuzani kuti mungoika TLS_REQCERT never vuto lithe. Lithadi, koma seva yanu izipereka mapasiwedi a anthu kwa makina aliwonse odzitcha domain controller.

Koma chomwe chinandikwiyitsa ndi china. Ndinapanga akaunti yoyesera m'mawa, ndinaiikira pasiwedi, n'kupita pa tsamba kukaisintha. Yakanidwa. Ndinaitalikitsa, yakanidwa. Ndinathiramo manambala, zilembo zazikulu, zizindikiro zonse za pa kiyibodi, yakanidwabe. Ndinabwereranso ku satifiketi, ndinakaikira ngakhale momwe pasiwedi imatumizidwira, chifukwa iyenera kukhala pakati pa zizindikiro za " " ndiponso mu UTF-16LE, ngakhale pulogalamuyi inkachita yokha popeza ndinali nditaika $ad_mode kukhala true. Dzuwa litapendeka ndi pomwe ndinayatsa $debug ndi kuwerenga error log ya Apache: error 19, ndipo pambali pake 0000052D. Nambala imodzi yomweyi imatuluka pasiwedi ikafupika, ikakhala yosavuta kulota, ikafanana ndi imodzi mwa 24 zapitazo, komanso ikasinthidwa nthawi isanakwane. Domain yatsopano imabwera ndi lamulo loti pasiwedi ikhalitse tsiku limodzi isanasinthidwe. Yanga inali ya maola ochepa chabe. Palibe chinali chitawonongeka, ndimangoyenera kudikira mawa. Werengani nambala ya mu log musanagwire china chilichonse.

Mkati mwa kukwiyako ndinasintha $who_change_password kukhala manager, ndipo zinatheka nthawi yomweyo. Musanyengedwe nazo. Munthu akasintha yekha, pasiwedi yakale imachotsedwa ndi yatsopano kuikidwa pa pempho limodzi, malamulo onse n'kutsatidwa. Akaunti ya manager imangolemba pamwamba, zomwe Active Directory imatenga ngati reset, choncho lamulo la 24 lija ndi la tsiku limodzi zimalumphidwa. Ndiponso mwasiya pa seva ya tsamba akaunti yokhoza kusintha pasiwedi ya aliyense, yolembedwa poyera mu config.inc.local.php. Ndinabwezera ku user, akaunti ija n'kuilanda mphamvu zonse kupatula zowerenga.

Ndinaiwala kunena: tsambalo lenilenilo likhale pa HTTPS yokha, ofika pa 80 azitumizidwa ku 443, ndipo fomu izitumiza ndi POST, chifukwa zolembedwa mu URL zimatsala mu access log. Muikenso malire a kuchuluka kwa kuyesa, kuopa kuti munthu wongofuna kusokoneza angatsekeretse maakaunti a anzake polemba dala pasiwedi zolakwika. Olemba okha pulogalamu samalani ndi pasiwedi yopanda kanthu: LDAP imatha kuyankha kuti bind (kulowa ndi dzina ndi pasiwedi) yatheka pomwe munthuyo sanatsimikizidwe, ndiye muikane musanaitumize n'komwe.

Amene amalifuna kwambiri tsambali ndi omwe pasiwedi yawo yatha kale, ndipo iwowa bind imawakana. Apanso nambala ndiyo ikuuzani: 52e pasiwedi yolakwika, 532 yatha nthawi, 773 ayenera kusintha polowa koyamba, 775 akaunti yatsekedwa. Kwa a 532 yatsani change_expired_password mu $ad_options, koma dziwani kuti pamenepo imasintha pasiwedi ndi akaunti ya manager ija, ndiye mphamvu zowerenga zokha sizikwanira. A 775 ambiri omwe anandipeza tsiku loyamba anali atasintha bwino pa tsamba, koma foni yawo inkagogodabe pa imelo ndi Wi-Fi ndi pasiwedi yakale mpaka akaunti kutsekeka. Ndalemba chenjezo limeneli pansi pa batani lotumizira, pamodzi ndi lija la tsiku limodzi. Mukamaliza zimitsani $debug.