Ndinalipira maola atatu kuti ndione galasi lopanda kanthu

Dzulo madzulo aprofesa anayang'ana zithunzi zanga za maselo zojambula pa maikulosikopu, kugwedeza mutu, nkuti ndipitirize. Mawu okhawo basi. Koma mtima wanga unakhala pansi, chifukwa zithunzi zimenezo zandidyera miyezi iwiri kuno ku Joni. Ndati ndilembe mkwiyo usanazizire, mwina wina wapatsidwa ntchito ngati yomweyi.

Pa pepala ndi yophweka. Umadzala maselo a HeLa pa timagalasi, aja anachokera kwa mayi Henrietta Lacks mu 1951, nkuwathira mankhwala otchedwa monastrol, kenako nkuona kuti spindle yasanduka chiyani. Spindle ndi ija imagawa makromozomu, timitolo ta DNA, selo likamagawikana pawiri. Imapangidwa ndi timachubu ta microtubule, ndipo imaoneka ngati bwato, yotakata pakati, yosongoka uku ndi uku. Chimene ine sindinkamvetsa ndili m'kalasi nchakuti maonekedwe amenewo sabwera okha. Pali mapuloteni amene amayenda pa timachubuto akudya ATP, yomwe ili ngati mafuta a selo, ena akukankha, ena akukoka. Eg5, wa m'banja la kinesin-5, ali ndi mitu mbali zonse ziwiri, ndiye amagwira timachubu tiwiri toyang'ana kosiyana nkumatikankha, nsonga za bwato zija nkumatalikirana. Puloteni wina, dynein, amalowera kwina, amasonkhanitsa timachubu ku nsonga mothandizana ndi puloteni wotchedwa NuMA, ndipo iye ndi winanso wotchedwa HSET amakokera nsongazo mkati. Monastrol amamanga Eg5 yekha miyendo. Okoka aja amatsala opanda wolimbana naye, nsonga ziwiri zimakhala pamodzi, makromozomu nkuzungulira ngati anthu akuotha moto. Gulu la Tim Mitchison ku Harvard ndilo linalengeza za mankhwalawa mu 1999.

Zodzala maselo sindinena, aliyense wa mu labu amazidziwa. Ndinena za ofesi yogula zinthu.

Kuti timachubuto tioneke pamafunika antibody, chinthu chimene chimamata pa tubulin, puloteni wopanga timachubuto, ndipo yathu inali itatha. Fomu yoitanitsira inkafuna anthu atatu asaine. Woyamba anasaina tsiku lomwelo. Wachiwiri anali ku msonkhano sabata yonse. Pamene wachitatu ankabwera kutchuthi, pepala la mtengo limene kampani inatitumizira linali litatha masiku ake, ndiye akuti yambaninso. Ndinakwera masitepe a ofesi imeneyo mpaka mlonda anayamba kundipatsa moni wa dzina. Chondipsetsa mtima kwambiri, katunduyo atafika Lachisanu palibe anandiuza. Anagona m'sitolo mpaka Lolemba, ayezi yense atasungunuka. Mwamwayi antibody inagwirabe ntchito, koma inu musadalire mwayi. Pemphani nambala yotsatira phukusi, muziyang'ana nokha pa foni, likangofika thamangani.

Ndiye kuli maikulosikopu ya confocal, yojambula maselo ndi kuwala kwa laser. Sungaikhudze usanaphunzitsidwe, ndipo amalipiritsa pa ola, kaya waona kanthu kaya sunaone. Ndinasungitsa maola atatu pa ndalama za kafukufuku wa aprofesa. Ndinalowa m'kachipinda kamdima kaja, kozizira ngati mochale, ndi timagalasi tanga tisanu ndi kamodzi. Koyamba, maselo ongoyala thyathyathya, osagawikana. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinasakasaka mpaka maso kuwawa, koma selo logawikana ngakhale limodzi ayi. Mayi amene amayang'anira makinawo anasuzumira pa kompyuta nkundifunsa kuti ndimatsuka bwanji. Nditawaonetsa, anangoseka chapansipansi.

Nkhani yake ndi iyi. Selo likayamba kugawikana limadzikunga nkukhala lobulungira, ndipo limangogwira galasi pang'ono chabe. Ine ndinkapopera madzi otsukira ndi pipette, kachubu kopopera madzi, pamwamba penipeni pa kagalasi, mwamphamvu, poganiza kuti ndikutsuka bwino. Maselo onse amene ndinkawafunawo ndinkawataya ndekha m'botolo la zonyansa. Musapopere pa galasi. Pendeketsani mbale, madzi atsikire m'mbali mwake pang'onopang'ono, ndipo poyamwa muyamwire pakona. Maola atatu aja analipiridwa ndithu, ndipo kalata ya bilu inapita kwa aprofesa, dzina langa lili pamwamba.

Ndaiwala za kuzizira, zomwe zinachitika izi zisanachitike. Ulendo woyamba ndinatsuka ndi PBS, madzi amchere otsukira maselo, wochokera mufiriji. Ma microtubule sapirira kuzizira, amaphwasuka selo likadali lamoyo. Mtenthetseni afike madigiri 37. Methanol woumitsira maselo ndi nkhani ina, ameneyo amafunika wozizira wa -20, ndipo ine ndimasiya mphindi khumi. Poyamba zinkandizunguza kuti kuzizira kwina kukuononga, kwina kukusunga, koma methanol amaumitsa zonse nthawi yomweyo timachubu tisanagwe.

Ulendo wachitatu ndinapaka timagalasi poly-L-lysine kuti maselo amatirire bwino. Monastrol ndinathira 100 micromolar kwa maola anayi. Musaiwale mbale yoyerekezera ya DMSO yokha yopanda monastrol, chifukwa DMSO ndi madzi amene mankhwalawa amasungunulidwiramo, ndipo funso loyamba la aprofesa lidzakhala lomwelo. Antibody yachiwiri, imene imamata pa yoyamba nkuwalitsa timachubu mobiriwira, imadana ndi kuwala, ndiye phimbani ndi foyilo. DAPI, utoto woonetsa DNA mwabuluu, pomaliza, kenako mumate m'mphepete mwa kagalasi ndi polishi wa zikhadabo. Wanga ndinagula ndekha, za ofesi ija sindinafunenso.

Tsiku limenelo ndinasungitsa ola limodzi lokha, mantha. Mu DMSO ndinapeza bwato lobiriwira, makromozomu abuluu atandanda pakati mwadongosolo. Mu monastrol, nyenyezi zokhazokha, timachubu tikutuluka pamalo amodzi, buluu atazinga kunja. Ndinakhala duu osajambula kwa kanthawi, ndalama zikupita.

Chokoma kwambiri ndi mbale yachitatu. Monastrol samata mpaka kalekale, ukamutsuka Eg5 amadzuka nkuyambiranso kukankha. Patatha ola limodzi nditachotsa mankhwala, maselo ambiri anali atabwezeretsa nsonga ziwiri, ena ali pakatikati, makromozomu angapo akadali osochera kumbali. Chithunzi chimenecho ndicho aprofesa anayang'anitsitsa. Koma apa mpamene pali ngozi yaikulu, chifukwa kuchotsa mankhwala ndi kutsuka katatu maselo amoyo, obulungira okhaokha. Ndibwerezenso, m'mbali mwa mbale, pang'onopang'ono, ndi madzi ofunda.

Tsopano akuti ndifooketse dynein pamodzi ndi Eg5, tione ngati nsonga ziwiri zibwerere popanda wokankha, monga ofufuza ena anaonera. Zimenezo zikufuna siRNA, yoletsa selo kupanga puloteni amene wasankha, ndipo fomu yake ili pa desiki ya wosaina wachiwiri kuyambira Lachiwiri.